Chitaganya m'Makutu a Anthu a m'Makomboni a Lusaka: Kuwerenganso Buku la Wayaleshi

1. Mawu oyamba

Nthawi ndi nthawi pamabuka maganizo akuti maiko a m'bungwe la Commonwealth, omwe ambiri mwa iwo adalamulidwapo ndi Britain, angathe kuphatikizana n'kukhala dziko limodzi la boma limodzi, ndalama imodzi ndi chiphaso choyendera chimodzi. Olota maloto otere amawerengetsa anthu, migodi, madoko ndi asilikali a maiko 56 a m'bungweli, napeza kuti dziko lotero likadaopedwa ndi onse. Chimene kawirikawiri sachifunsa ndi ichi: kodi munthu wamba angaumve bwanji uthenga wa umodziwo, ndipo angaumve m'chiyankhulo chanji?

Ife a m'chigawo chino sitiyenera kuchita kuyerekeza, pakuti zotere zidayesedwapo kwathu kuno. Kuyambira mu 1953 mpaka pa 31 Disembala 1963, maiko a Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland adamangidwa pamodzi m'Chitaganya chomwe likulu lake lidali ku Salisbury. M'nkhani ino tifuna kuunika buku la Peter Fraenkel lotchedwa Wayaleshi (1959), lomwe likufotokoza za nyumba ya wailesi ya ku Lusaka m'zaka zimene Chitaganyacho chinkakhazikitsidwa. Mfundo yathu ndi yakuti bukuli, mwina mosadziwa mwini wake, lidatisungira ndemanga yakuya ya anthu wamba pa umodzi wochokera kumwamba. Koma silidaone umodzi wina umene unkakula mwakachetechete pakamwa pa anthu omwewo.

2. Mlembi, wailesi ndi nthawi yake

Fraenkel adabadwira ku Breslau m'banja la Chiyuda, ndipo adafika ku Northern Rhodesia mu 1939 pamodzi ndi makolo ake pothawa nkhanza za chipani cha Nazi. Atakula adagwira ntchito ku Central African Broadcasting Station ku Lusaka, wailesi yomwe inkaulutsira Aafirika a m'maiko atatu aja m'Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chishona, Chindebele ndi Chingerezi. Dzina la bukuli ndi liwu limene Ababemba amatchulira chomwe ife timati wailesi.

Wailesiyi idafika m'nyumba za anthu osauka chifukwa cha khama la Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma, amene adanyengerera kampani ya Ever Ready kuti ipange kawailesi kotsika mtengo koyendera batire. Kawailesiko, kotchedwa Saucepan Special chifukwa kankaoneka ngati sefuliya, kadayamba kugulitsidwa mu 1949 pa mtengo wa mapaundi 5. Motero tiyenera kuzindikira kuti Chitaganya chisanabadwe pa pepala, maiko atatuwa adali atalumikizidwa kale ndi mphepo ya wailesi. Munthu wa ku Matero, wa ku Blantyre ndi wa ku Bulawayo ankamva nyimbo za Alick Nkhata usiku umodzimodzi, ndipo palibe adadandaula. Madandaulo adabuka pamene pakamwa pomwe pankatuluka nyimbo ndi malonje padayamba kutuluka nkhani zoyamikira Chitaganya.

3. Mphekesera ngati ndemanga ya anthu

Gawo lamphamvu kwambiri la bukuli ndi limene likusimba za mantha a banyama. Liwuli limatanthauza anthu amene ankakhulupiriridwa kuti amagwira anzawo usiku ndi kuwapopa magazi kapena kuwasandutsa zitsiru zogwirira ntchito Azungu. Owerenga a ku Malawi angawafanizire ndi anamapopa. Mphekeserazi sizidayambe ndi Chitaganya. Mwelwa Musambachime (1988) adaonetsa kuti zidalipo kuyambira zaka za m'ma 1930. Koma m'zaka za 1952 ndi 1953 zidavala malaya atsopano. Kudamveka kuti shuga wa m'masitolo wathiridwa mankhwala oletsa Aafirika kubereka. Aulutsi achikuda a pa wailesi, kuphatikizapo Nkhata mwini, adayamba kulozedwa chala kuti ndi banyama kapena makapirikoni, dzina lochokera ku bungwe la Capricorn Africa Society la David Stirling, lomwe anthu ankaliona ngati lothandizira Chitaganya. Kuganiza kwa omvera kudali kotere: mwana wa kwathu, woyankhula chiyankhulo chathu, sangawerenge nkhani zotipweteka pokhapokha atam'chotsa mtima wake.

Fraenkel akusimba zonsezi mwachifundo ndiponso mwaluso. Sakunyoza omvera, ndipo monga munthu amene adalawapo tsankho, akuvomereza kuti mantha awo adali ndi gwero. Komabe ife tikuona kuti tingapitirire pamene iye adalekezera. Ngati tiwerenga mphekesera monga momwe timawerengera nthano kapena mwambi, osafunsa kuti kodi zidachitikadi koma kuti kodi zikuphunzitsa chiyani, tipeza kuti mphekesera ya banyama ikunena zinthu zitatu zokhudza Chitaganya: kuti chuma cha m'thupi la dziko chidzayamwidwa n'kupita kwina, kuti mtundu udzachepetsedwa mphamvu, ndiponso kuti ena mwa ife adzagwiritsidwa ntchito yoyankhulira eni ulamuliro. Mbiri ikuchitira umboni mfundozi. Gawo lalikulu la msonkho wa mkuwa wa ku Copperbelt lidapita ku boma la ku Salisbury. Mu 1955 boma la Chitaganya lidasankha kumanga damu ku Kariba m'malo mwa ku Kafue, ndipo Atonga pafupifupi 57,000 a m'chigwa cha Zambezi adasamutsidwa. Godfrey Huggins, nduna yaikulu yoyamba ya Chitaganya, amakumbukiridwa ndi fanizo lake lakuti ubale wa Mzungu ndi Mwafirika udzakhala ngati wa wokwera ndi kavalo wake.

Atsogoleri a ndale adanena zomwezi m'chiyankhulo cha misonkhano. Harry Nkumbula adatentha chikalata cha Chitaganya pamaso pa khamu la anthu ku Lusaka mu 1953, ndipo Dr Kamuzu Banda, atabwerera ku Nyasaland mu 1958, ankachitcha Chitaganya chopusa. Komiti ya Monckton mu 1960 idapeza kuti Aafirika a m'maiko awiri a kumpoto ankadana nacho kwambiri Chitaganyacho. Chomwe komitiyo idachipeza patatha zaka zisanu ndi ziwiri, amayi okana kugula shuga adali atachinena kale. Apa tikugwirizana ndi Luise White (2000), amene adalimbikitsa olemba mbiri kuti aziona nkhani za opopa magazi ngati njira imene anthu ankafotokozera ulamuliro wa atsamunda. Ophunzira za ziyankhulo aonenso kuti liwu lakuti kapirikoni lidatsalira m'Chichewa kutanthauza munthu wogulitsa anzake. Chitaganya chidatha, koma chidasiya chipsera m'mawu.

4. Zofooka za bukuli

Tikatero sitikunena kuti Wayaleshi ndi buku lopanda chilema. Chofooka choyamba n'chakuti lidalembedwa m'Chingerezi ndi kusindikizidwa ku London, kulembera owerenga a kumeneko. Mawu a omvera ndi a aulutsi atifika atamasuliridwa kale. Sitingathe kudziwa mwambi umene munthu adagwiritsa ntchito, ulemu umene adapereka kapena kumana, ngakhale kusiyana kwa Chinyanja cha mlaliki ndi cha woyendetsa lole. Kwa wofufuza chiyankhulo, apa ndiye padatayika chuma.

Chachiwiri, diso la mlembi likuyang'ana kuchokera m'nyumba ya wailesi kupita kunja. Anthu a m'makomboni akuoneka makamaka ngati omvera, ofunika kuwafikira, kuwasangalatsa ndi kuwachotsa mantha. Funso lalikulu la bukuli ndi lakuti wailesi ingabwezeretse bwanji chikhulupiriro cha anthu. Funso limene ife tikadakonda ndi lina: kodi anthu ochokera ku Chipata, ku Petauke, ku Dedza, ku Tete ndi ku Kasama, atakhala moyandikana m'tauni ya eni ake Asoli ndi Alenje, ankamvana bwanji wailesi ikazimitsidwa? Yankho la funsoli ndilo likutifikitsa pa umodzi wachiwiri uja.

5. Umodzi wa pakamwa

Lusaka idakhala likulu la Northern Rhodesia mu 1935. Matero idamangidwa ndi boma kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950 kuti mukhale antchito achikuda, koma nyumba za boma sizidakwanire. Makomboni monga Kanyama, Chawama, George ndi Kalingalinga adakula pa minda ya Azungu ndi pa malo ena osaloledwa, pomwe anthu ankadzimangira okha, ndipo adafutukuka kwambiri ufulu utabwera mu 1964. Mtendere, imene Karen Tranberg Hansen adaifufuza m'buku lake la 1997, idakhazikitsidwa dziko litalandira kale ufulu. M'malo onsewa chiyankhulo cha pamsika, pampopi ndi m'basi chidakhala Chinyanja, chomwe chidalinso chiyankhulo cha apolisi kuyambira nthawi ya atsamunda.

Chinyanja chimenechi si cha m'buku. Munthu wa ku Chawama amati nifuna pomwe buku likuti ndifuna, amati vintu m'malo mwa zinthu, manje m'malo mwa tsopano, ndipo polemekeza amati ba Phiri pomwe wa ku Lilongwe akadati a Phiri. M'menemu tikumvamo Chichewa, Chinsenga, Chingoni, Chibemba ndi Chingerezi zitalukana. Palibe nyumba ya malamulo imene idakhazikitsa chiyankhulochi, ndipo palibe adachitcha chiwembu cha banyama, chifukwa aliyense adaikamo dzanja lake. Chitaganya cha Huggins ndi Roy Welensky chidakhala zaka khumi zokha. Chitaganya cha pakamwachi chaposa mibadwo itatu ndipo chikukulabe.

Palinso zitsanzo zina za umodzi wodutsa malire umene sudadikire chilolezo cha maboma. Buku Lopatulika la 1922 lidamasuliridwa m'Chinyanja chogwirizanitsa mayankhulidwe a madera osiyanasiyana, ndipo lawerengedwa ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique ndi pakati pa a m'migodi ndi m'mafamu a ku Zimbabwe. Chaka ndi chaka mafumu a Achewa a m'maiko atatu amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Tione kuti Mozambique adali pansi pa Apwitikizi ndipo adalowa mu Commonwealth mu 1995. Mchewa wa ku Angonia sadadikire chakacho kuti akhale mbale wa Mchewa wa ku Katete. Ubale wake sudachokere kwa mtsamunda.

Pamenepa mpamene maloto a dziko limodzi la Commonwealth akufookera. Chimene chikumanga maiko a m'bungweli ndi mbiri ya bwana mmodzi ndi chiyankhulo cha bwanayo. Dziko lotero likadayankhula Chingerezi m'maofesi ake onse, ndipo mayi wogulitsa tomato ku Kanyama akadalimva kudzera mwa womasulira, monga momwe agogo ake adamvera Chitaganya. Maiko ena adayesanso: chitaganya cha West Indies chidakhala kuyambira 1958 mpaka 1962, ndipo cha Senegambia kuyambira 1982 mpaka 1989. Umodzi wa Tanganyika ndi Zanzibar wa 1964 ulipobe, ngakhale uli ndi mikangano yake, ndipo sitikukayika kuti Chiswahili chathandizapo. Sitikunena kuti Commonwealth ndi yachabe. Msonkhano wake wa ku Lusaka mu Ogasiti 1979 udatsegula njira ya zokambirana za ku Lancaster House zomwe zidabala Zimbabwe. Mu mzinda womwewu mudabadwira bungwe la SADCC pa 1 Epulo 1980, ndipo muli likulu la COMESA. Koma mabungwe onsewa ndi a maiko odziimira paokha, ogwirizana mwa kufuna kwawo. Mutu umodzi susenza denga, n'zoona. Koma osenzawo ayenera kuyamba avomerezana kumene dengalo likupita.

6. Mawu omaliza

Kwa ife aphunzitsi ndi ofufuza, phunziro la Wayaleshi lili pafupi kuposa ndale za maiko. Mu 1968 Malawi adasintha dzina la chiyankhulo kuchoka ku Chinyanja kukhala Chichewa, pomwe Zambia adasunga dzina lakale. Malamulo a kalembedwe a ku Zambia a 1977 amalemba c pomwe a ku Malawi amalemba ch, kotero kuti liwu limodzi limaoneka pawiri: cinthu ndi chinthu. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000 bungwe la CASAS la ku Cape Town lidasonkhanitsa akatswiri a m'maiko atatuwa nafalitsa kalembedwe kogwirizana, koma mabuku a m'sukulu akadali osiyana. Ndiponso mwana wa ku George amene walemba nili m'malo mwa ndili amauzidwa kuti walakwa, osam'fotokozera kuti pali chiyankhulo cha kunyumba ndi cha m'buku, ndi kuti zonse ziwiri zili ndi malo ake. Tikachita motero, sukulu imasanduka wailesi ina yoyankhula kuchokera kumwamba. Tikupempha kuti mphekesera, nthabwala ndi mayankhulidwe a m'makomboni zijambulidwe ndi kulembedwa m'chiyankhulo chomwe zidanenedwera, kuti ofufuza a m'tsogolo asadzadandaule monga tadandaulira ife powerenga Fraenkel.

Alick Nkhata, amene adatchedwa kapirikoni chifukwa cha ntchito yake, adadzakhala mmodzi wa akuluakulu a wailesi ya Zambia yodzilamulira. Adafa mu Okutobala 1978 kufupi ndi Mkushi, pamene asilikali a Rhodesia, dziko lomwe lidali limodzi ndi lake m'Chitaganya, adaukira misasa ya omenyera ufulu a ZIPRA. Lero msewu wa dzina lake umadutsa pa nyumba ya wailesi ya ZNBC ndi m'mbali mwa Kalingalinga, ndipo m'maminibasi oyenda mumsewuwo anthu a mitundu yonse ya Zambia amalipira ndi kulandira chenji m'Chinyanja.