Mudzi Wamakedzana Womangidwa mu 1884

Pa zionetsero zikuluzikulu za m'zaka za m'ma 1800, mayiko ankabwera kudzanyadira makina a nthunzi, magetsi ndi zitsulo. Koma pambali pa makinawo, okonza chionetsero ankakonda kumanganso moyo wakale: msewu wopapatiza, nyumba zamakedzana, anthu ovala ngati makolo awo. Munthu akatuluka m'kanjira koteroko n'kulowa m'holo ya makina, ankamva mumtima kuti dziko lake lapitadi patsogolo.

Ntchito yomanga zakaleyi ili ndi luso lakelake, ndipo amisiri sanaigwire mofanana. Amene ndimamulemekeza kwambiri ndi Alfredo d'Andrade, wobadwira ku Lisbon, amene anatsogolera gulu lomanga mudzi wotchedwa Borgo Medievale mumzinda wa Turin, pa chionetsero cha dziko la Italy cha mu 1884. Mudziwu uli m'mphepete mwa mtsinje wa Po, m'paki ya Valentino.

D'Andrade anadziikira malire okhwima. Anasankha nyengo imodzi yokha, zaka za m'ma 1400, ndi dera limodzi: Piemonte ndi Valle d'Aosta. Iye ndi anzake ankayenda m'midzi ndi m'malinga akale, kuyeza makoma, kujambula mawindo, kukopera zithunzi za pazipupa. N'chifukwa chake bwalo lamkati mwa linga la mudziwu linatengera la ku Fénis, zithunzi za m'chipinda chachikulu zinachokera ku Manta, ndipo kasupe wachitsulo wooneka ngati mtengo wa makangaza anamufananiza ndi wa ku Issogne. Pafupifupi chilichonse chili ndi kwawo kumene ungapite n'kukachiloza ndi chala.

Koma kuyeza kokha sikupanga mudzi. Luso lenileni lili mumsewu. Ndi umodzi wokha, waufupi ndithu, koma anaukhotetsa kuti diso lisaone kumene ukuthera. Ukawoloka mlatho wa pachipata, nyumba zimakutsekera kutsogolo, n'kumakutsegulira pang'onopang'ono, mpaka linga litulukire pamwamba. Malo ochepa amaoneka aakulu chifukwa mlendo sapatsidwa zonse nthawi imodzi. M'mashopu a mumsewumo munali osula zitsulo, oumba mbiya ndi akalipentala akugwira ntchito pamaso pa anthu, motero zakalezo zinkamveka ndi m'makutu momwe.

Tiyerekeze ndi Vieux Paris, imene Albert Robida anakonza m'mphepete mwa mtsinje wa Seine pa chionetsero cha mu 1900. Robida anali katswiri wojambula, ndipo anamanga monga wojambula: anasonkhanitsa nsanja, tchalitchi ndi nyumba za nyengo zosiyanasiyana kuti zikome m'maso. Zinakomadi. Chimene chimandiwawa n'chakuti mzinda wa Paris womwewo unali utagwetsa misewu yake yambiri yakale pamene Haussmann ankaukonzanso, kenaka anthu ake n'kumalipira ndalama kuti akaone chifaniziro cha zimene anataya. Chionetsero chitatha, nachonso chinaphwasulidwa.

Sikuti mudzi wa ku Turin ulibe chilema. Tchalitchi cha m'mudzimo ndi khoma lakumaso chabe, kuseri kwake kulibe nyumba yopemphereramo. Chachikulu kuposa apo, mudziwo ndi waukhondo mopitirira. Mliri, njala ndi msonkho umene mlimi ankapereka kwa mwini linga sizioneka pakhoma lililonse. Kukhulupirika kwa d'Andrade kunathera pa njerwa ndi utoto, ndipo mlendo amene waona kuti windo n'lolondola amakhulupirira msanga kuti moyo wonse unali wotero. Kulondola kwa zing'onozing'ono kumatha kubisa chachikulu chimene chasiyidwa.

Komabe mudziwu sunagwetsedwe. Mzinda wa Turin unausunga, ndipo ulipobe mpaka lero. D'Andrade naye sanakhutire ndi chifaniziro. Mu 1895 anagula linga lenileni la Fénis, limene linali litawonongeka kwambiri, anayamba kulikonza, kenaka analipereka ku boma la Italy.