Mwininkhani Ndani? Za Mafunso a Ophunzira Chingerezi ndi Chijapani

Pali mafunso awiri amene aphunzitsi a zinenero zachilendo amakumana nawo chaka ndi chaka. Wophunzira Chingerezi amafunsa kuti ndi liti pamene ayenera kunena "the" ndipo ndi liti pamene ayenera kunena "a". Wophunzira Chijapani amafunsa kusiyana kwa timawu tiwiri, "wa" ndi "ga", timene timatsatira dzina ndipo tonse tiwiri timaoneka ngati tikugwira ntchito imodzi. Ngakhale zinenero ziwirizi sizili pachibale, mafunsowa ali ndi gwero limodzi: wolankhula amasonyeza bwanji kuti chinthu ichi womvera akuchidziwa kale, koma icho akuchimva koyamba? Cholinga cha pepala lino ndi kudzudzula mmene funso loyambalo limayankhidwira m'sukulu zathu, ndi kuonetsa kuti mbali ina ya vutoli ili m'galamala wa Chichewa amene timaphunzitsa, makamaka m'mawu oti mwininkhani.

Taganizirani mwana wa m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, kwa Ngokwe, kwa Chikweo kapena kwa Kawinga m'boma la Machinga. Ana ambiri kumeneko amakula akulankhula Chiyao, ena amachokera m'mabanja a Chilomwe, ndipo Chichewa amachimva padoko, pamsika ndi pawailesi. Palibe chinenero ngakhale chimodzi mwa zitatuzi chimene chili ndi timawu tofanana ndi "the" ndi "a". Chichewa chinasankhidwa kukhala chinenero cha fuko m'chaka cha 1968. M'chaka cha 1996 unduna unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'zinenero zawo. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chinenero chophunzitsira, ndipo m'chaka cha 2014 unduna unalengeza kuti zimenezi ziyambire Sitandade 1. Pa kusinthasintha konseku chimodzi sichinasunthe: wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE. Motero funso la "the" si la akatswiri okha.

Yankho lozolowereka m'kalasi ndi lakuti "a" ndi wa chinthu chotchulidwa koyamba ndipo "the" ndi wa chinthu chotchulidwa kachiwiri, kapena kuti "the" ndiye "uja", "ija", "chija". Yankholi lili ndi choona pang'ono, koma limasweka msanga. Mayi akauza mwana kuti atseke chitseko sanena kuti "chitseko chija", pamene Mngerezi amati "Close the door" ngakhale chitsekocho sichinatchulidwepo. Mwana wophunzitsidwa kuti "the" ndi "chija" adzasiya "the" paliponse pamene Chichewa chilibe mawu oloza, ndipo adzachita zimenezi pomvera mphunzitsi wake.

Amalawi ophunzira Chijapani ndi ochepa, ndipo wina angafunse chifukwa chimene tikuchilowetsera m'nkhani ya ana a ku Chiuta. Chifukwa chaching'ono n'chakuti kuyambira 1971 achinyamata ongodzipereka a ku Japan akhala akubwera m'dziko muno kudzagwira ntchito m'sukulu ndi m'zipatala. Nawonso chinenero chawo chilibe "the" ndi "a", kotero iwo ndi ana athu amapunthwa pa malo amodzimodzi a Chingerezi. Chifukwa chachikulu n'chakuti Chijapani chimaika poyera, ndi timawu tooneka, chinthu chimene Chichewa chimachita mwakachetechete. Tiyerekeze ziganizo izi:

(1) Ryōshi ga sakana o utta. Msodzi wagulitsa nsomba.
(2) Sakana wa ryōshi ga utta. Nsombazo, msodzi wazigulitsa.

M'ziganizo zonse ziwiri wogulitsa ndi msodzi, ndipo "ga" akumuloza iyeyo. Koma mu (2) nkhani ikukamba za nsomba, ndipo "wa" wakhala pa nsombazo. Akira Mikami, m'buku lake la 1960 lotchedwa Zō wa hana ga nagai, anatsutsa mwamphamvu chizolowezi chofotokozera Chijapani ndi miyeso ya zinenero za ku Ulaya, ponena kuti chimene chiganizo chikukamba ndi chimene chikuchita ntchito ndi zinthu ziwiri. Susumu Kuno anapitiriza nkhaniyi m'chaka cha 1973, nasonyeza kuti "wa" amaloza mutu wa nkhani kapena kusiyanitsa zinthu ziwiri, pamene "ga" amafotokoza chochitika chatsopano kapena kusankha chimodzi pakati pa zambiri. Mutu wa njovu wa Mikami umalowa m'Chichewa popanda kuupinda: njovu, chitamba n'chachitali. Chingerezi chimavutika nawo.

Tsopano tione mbali ya Chichewa ya chiganizo (2). Dzina loti nsomba lili koyambirira, lavala "-zo", ndipo m'mneni mwalowa "-zi-". Galamala wa kusukulu amatcha msodzi mwininkhani ndipo nsomba amazitcha pamtherankhani. Mwana aliyense woganiza ali ndi ufulu wodabwa. Nkhani ndi ya nsomba, nanga msodzi wakhala bwanji mwini wake? Ndipo nkhani yathera bwanji pa dzina limene layambitsa chiganizo? Amene anapeka mawuwa anachita ntchito yotamandika yopatsa Chichewa mawu akeake a galamala, koma anali kumasulira magawo a galamala wa Chingerezi, mmene mutu wa nkhani ndi dzina lolamulira mneni zimakonda kukhala pamalo amodzi. Mawu oti mwininkhani, mwa tanthauzo lake lenileni, akanayenera "wa" wa Chijapani. Ife tinawapatsa ntchito ya "ga", ndipo ntchito ya "wa" inatsala yopanda dzina.

Umboni woti mutu wa nkhani ndi gawo lenileni la galamala wa Chichewa unaperekedwa ndi Joan Bresnan ndi Sam Mchombo m'chaka cha 1987. Iwo anasonyeza kuti m'mneni mukapanda mgwirizanitsi wa pamtherankhani, dzinalo liyenera kutsatira mneni pomwepo. Koma akalowamo, dzinalo limamasuka ndipo likhoza kukhala koyamba, pakati kapena kumapeto. Anamasulira kuti kamgwirizanitsiko ndi mlowam'malo, ndipo dzinalo laima panja ngati mutu wa nkhani. Chimene chimatikhudza kwambiri pano ndi mafunso:

(3) Mukugula chiyani?
(4) *Mukuchigula chiyani?
(5) Dare ga kita? Wabwera ndani?
(6) *Dare wa kita?

Chiganizo (4) sichimveka ngati funso lofuna kudziwa chinthu chogulidwacho, ndipo (6) n'cholakwika m'Chijapani. Chifukwa chake n'chimodzi: chimene munthu sakuchidziwa sichingakhale mutu wa nkhani yake. Mwana wa zaka zisanu wa ku Nayuchi salakwitsa (4). Lamulo limene mkulu wophunzira Chijapani amaliloweza ndi thukuta, mwanayu ali nalo kale m'kamwa.

Chimodzimodzi ndi njira yobweretsera chinthu chatsopano m'nkhani. Bresnan ndi Jonni Kanerva analongosola m'chaka cha 1989 ziganizo zoyamba ndi malo, zimene dzina la chinthu chobwera limakhala kumapeto:

(7) Padoko pafika galimoto.
(8) Galimoto yafika padoko.

Amene akudikira ndi madengu a matemba ndi makumba amamva kusiyana kwa ziwirizi asanaganize n'komwe. Mu (7) galimoto ndi yosayembekezereka, ndipo Chingerezi chidzafuna "a", Chijapani "ga". Chiganizo (8) ndicho angayankhe munthu wofunsidwa za galimoto imene onse akuidziwa, ndipo apa "the" ndi "wa" ndiwo oyenera. Palibe "ija" mu (8), koma kudziwika kulipo. Nanga mu (7) mwininkhani ndani? Mneni akugwirizana ndi "padoko", malo amene sakuchita ntchito iliyonse. Tanthauzo lophunzitsidwa kawirikawiri, loti mwininkhani ndi wochita ntchito m'chiganizo, lagwa pamenepa, monga limagweranso mu "Nsomba zagulitsidwa".

Tisapitirire malire. Mgwirizanitsi wa pamtherankhani si "the" wa Chichewa, ndipo mphunzitsi wonena choncho adzangosintha cholakwa chakale ndi china chatsopano. Timati "Ndamuona munthu wina kudambo", ndipo munthuyo ndi wosadziwika ngakhale "-mu-" alipo; Laura Downing anaonetsa m'chaka cha 2018 kuti mayina a anthu amakoka mgwirizanitsiyu mosavuta kuposa mayina a zinthu. M'Chimakhuwa, chimene chili pachibale chapafupi ndi Chilomwe, agwirizanitsi otere alipo a magulu awiri oyamba a mayina okha, ndipo pamenepo n'ngokakamiza, kotero zimene zapezeka m'Chichewa sizingangosamutsidwira ku zinenero zonse za ku Machinga. Ndiponso pali ntchito za "a" zimene sizikhudzana ndi mutu wa nkhani, monga mu "My father is a fisherman". Zimenezo n'zoloweza basi. Chimene tikunena n'chakuti gawo lalikulu la kasankhidwe ka "the" ndi "a" lagona pa luso limene mwana amabwera nalo kuchokera kwawo, ndipo kalasi silimutchulira lusolo ndi dzina.

Kwa okonza ndondomeko za zinenero, ntchito yake si yaikulu. Bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa mu 1972, linathera mphamvu zambiri pa kalembedwe; Centre for Language Studies, imene inalowa m'malo mwake mu 1996, ndiyo ingaunikenso mawu a galamala. Sitikupempha kuti mawu oti mwininkhani achotsedwe, pakuti akhazikika m'mabuku ndi m'mayeso. Tanthauzo lake ndilo likonzedwe, kuti likhale dzina limene mneni amagwirizana nalo koyambirira kwake, ndipo pambali pake paikidwe gawo lachiwiri, mutu wa nkhani, lokhala ndi zitsanzo zonga (2), (4) ndi (7). Zikatero, mphunzitsi wa Chingerezi m'makoleji a aphunzitsi monga ya Machinga adzakhala ndi pogwira: adzayamba ndi galimoto ziwiri za padoko, kenaka n'kubweretsa "a" ndi "the". Zitsanzo zofanana nazo za Chiyao ziyenera kusonkhanitsidwa kuchokera kwa olankhula a ku Chiuta enieniwo, chifukwa galamala wa Meredith Sanderson wa 1922 analembedwera Azungu ophunzira Chiyao, osati ana a Chiyao ophunzira Chingerezi.