Luso la Nthabwala Pakamwa pa Mphunzitsi

Pamene boma la Malawi linathetsa malipiro a sukulu za pulayimale m'chaka cha 1994, ana nakhamukira kusukulu mwaunyinji kotero kuti ambiri anaphunzirira pansi pa mitengo, mphunzitsi mmodzi ataimirira pamaso pa ana oposa 100, kudaonekera poyera kuti iye wosowa mabuku ndi mipando watsala ndi chuma chimodzi chokha, ndicho pakamwa pake. Khamu lotere mkwapulo ungalikhalitse chete, koma sungalitsegule makutu. Chimene chimawatsegula ndi kuseka, pakuti mwana akaseka mantha amchoka, ndipo mantha akamchoka alimba mtima kufunsa chimene sanamve.

Komatu si kuseketsa konse kumene kuli luso. Makolo athu, pofuna kudzudzula dyera, sanaloze chala mwana wosusuka. Anamsimbira za Fisi, amene pomva fungo la nyama kunjira ziwiri anafuna kuzitsata zonse nang'ambika pakati, ndipo mwanayo anaseka Fisi pamodzi ndi anzake, chidzudzulo chikumlowa mumtima popanda manyazi. Momwemonso pabwalo la gule wamkulu: Simoni wa nkhope yofiira akamavina mopusa, anthu afa nazo nseko, koma chitonzo chonse chisenzedwa ndi chigoba, osati munthu wa m'mudzimo. Mphunzitsi waluso achita chimodzimodzi. Alakwitsa dala samu pabolodi, nayang'ana kumbali ngati sakuona, kufikira ana a Sitandade 3 afuula mokondwa kuti, "Aphunzitsi, mwaphonya!" Pamenepo nthabwala ndi phunziro zasanduka chinthu chimodzi, ndipo wokumbukira nsekozo akumbukiranso samuyo.

Alipo ena amene aseketsa ndi nkhani za mpira kapena za kumsika zosagwirizana ndi phunziro. Awa ana awakonda ndithu, koma belu likalira atuluka chimanjamanja. Choipa koposa, chimene chindiwawa mtima, ndicho kuseketsa kalasi ndi chibwibwi cha mwana, chigamba cha pa yunifolomu yake, kaya kalankhulidwe ka Mtumbuka kapena Myao amene akulimbana ndi Chichewa. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Mwana wosekedwa chotero sakwezanso dzanja, ndipo ena asiyira sukulu pomwepo.

N'chifukwa chake ndipempha mwaulemu akuluakulu a makoleji a aphunzitsi, monga a Kasungu, Lilongwe ndi Karonga, kuti pokayendera ophunzira awo m'makalasi, asamangoyang'ana ndondomeko ya phunziro yolembedwa m'kope, koma azitcheranso khutu kuti amve chimene anawo akuseka, ndi amene akusekedwa.