Khutu la kwa Mkanda ndi Nyimbo Zatsopano za Orchestra

Munthu amene analeredwa m'kwaya ya mpingo kuno kwa Mkanda, amene anaphunzira doh, re, mi pabolodi asanathe n'kulemba kalata komwe, nazolowera kuti sopulano, alito, tena ndi bezi, ngakhale atasiyana njira pakati pa nyimbo, pomaliza amakumana pa doh ndi kupumula pamodzi, sangavutike kukonda Handel kapena Mozart, pakuti amisiri amenewa ndi opeka nyimbo za m'buku la mpingo anamwa pachitsime chimodzi. Lamulo lawo linali lakuti khutu lisautsidwe pang'ono, kenaka litonthozedwe. Koma mutchereni munthu yemweyo nyimbo zimene opeka a masiku ano akulembera orchestra, gulu lalikulu lija la mavayolini, zitoliro, malipenga ndi ng'oma, ndipo adzakwinya nkhope nafunsa ngati oimbawo ayamba kale kapena akadakunga zingwe.

Kudodoma kumeneku si kwathu kokha ayi. Mu 1913, pamene The Rite of Spring ya Igor Stravinsky inaonetsedwa koyamba ku Paris, m'holo munabuka phokoso, ena ataipidwa ndi mavinidwe, ena ndi nyimbo imene inalanda ufumu kwa mawu okoma n'kuupereka kwa kugunda. Lero nyimbo yomweyo ili m'gulu la zolemekezeka.

Ine ndikuti ife tili ndi mwayi umene anthu a ku Paris analibe, chifukwa woimba kwaya wa Lamulungu, kaya avomere kaya akane pamaso pa akulu a mpingo, anakula akumva ng'oma za gule wamkulu zikulira kubwalo usiku. Pamenepo palibe ng'oma imene imanena nkhani yonse. Mpanje umagwira kugunda kwake osasuntha, gunda amalemera pansi, amayi amaomba m'manja mwa kuwerenga kwawokwawo, ndipo mbalule imalowa m'mipata imene zinzake zasiya. Chimene khutu limamva pamapeto pake ndi nyimbo imene palibe dzanja limodzi likuiimba, yobadwa mwa kulukana kwa onse, monga akulu ananena kuti mutu umodzi susenza denga. Womvera sadikira kuti nyimbo ifike kwawo, koma amakhala m'kati mwake, natchera khutu pa ng'oma iyi, kenaka pa iyo, mpaka chinthu chobwerezabwereza chiyambe kumveka chatsopano.

Luso limeneli ndi limene György Ligeti wa ku Hungary analifunafuna atakula kale. Anamvetsera nyimbo za ku Central African Republic zimene Simha Arom anajambula, nawerenganso zolemba za Gerhard Kubik wa ku Vienna, yemwe uja amene kuyambira 1967 anagwira ntchito ndi Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka. Mu konsato ya Ligeti ya piyano ndi orchestra, imene anaimaliza mu 1988, zoimbira zimayenda pa miyeso yosiyana nthawi imodzi, kotero kuti khutu limamva mizere ya nyimbo imene palibe woimba mmodzi akuiimba yekha. Steve Reich wa ku America naye anapita ku Ghana mu 1970 kukaphunzira ng'oma. Wokonda nyimbo zakale amene amafuna chitonthozo chokha angayambe kumvera nyimbo zatsopanozi ndi simfone yachitatu ya Henryk Górecki, ya 1976, yodekha ngati pemphero la maliro. Koma kunena zoona imeneyo siphunzitsa khutu zambiri.

Komabe sindingabise kuti pali pamene amisiri ophunzirawa amaperewera. Ligeti analemba kugunda kulikonse papepala, ndipo oimba ake, maso ali pa manotsi ndi pa ndodo ya wotsogolera, amabereka chimene chinalamulidwa kale, lero ndi mawa chimodzimodzi. Woimba mbalule alibe pepala. Maso ake ali pa mapazi a chilombo chimene chikuvina, ndipo chikapotoloka mwadzidzidzi kapena kuponda mwaukali, ng'oma iyenera kuyankha pomwepo, apo ayi bwalo lonse limudzudzula. Nyimbo zambiri zatsopano zinatenga masamu a ng'oma zathu n'kusiya wovina kunja, ndipo nchifukwa chake zina mwa izo, ngakhale zili zanzeru zodabwitsa, munthu amazimvera ndi mutu wokha, miyendo ili duu pansi pa mpando.