Mmisiri wa kuseri kwa dashibodi

Pikapu ya ku Dowa ndi ku Ntchisi sidziwa tchuthi. Msika wa fodya ukatsegulidwa imasenza mabelo kupita nawo ku Kanengo kapena ku Chinkhoma. Fodya akatha imanyamula soya ndi mtedza, dzinja likayandikira imakwera mapiri ndi feteleza, anthu a matola atakhala pamwamba pa matumba. Usiku ndi yomweyonso imene imathamangira ndi wodwala ku chipatala cha Madisi kapena ku boma. Misewu yopatuka pa tala ndi yafumbi m'chilimwe, yamatope m'dzinja, ndipo mabampu ake sasiya bawuti osaigwedeza. Zoti masipuling'i ndi mashoko amatha, mwini galimoto aliyense amadziwa. Koma kugwedezekako kumafikanso kuseri kwa dashibodi, kumene dzanja la makaniko wa sipanala silizolowera kufika.

Pa Hilux yakale ya injini ya 3L, kuseriko kunalibe zachinsinsi. Muvi wa liwiro unkazunguzidwa ndi kebulo yochokera ku giyabokosi, ndipo geji iliyonse inali ndi waya wakewake. Waya akaduka, munthu ankamutsatira ndi tesita ya babu mpaka kumupeza. Mapikapu a masiku ano ndi ena. Ford Ranger ya mtundu wa T6, imene inayamba kutuluka mu 2011 ndipo imapangidwa ku Silverton mumzinda wa Pretoria, kapena Hilux ya GD-6 yochokera ku fakitale ya Toyota ku Durban, ili ndi timakompyuta tambiri: ka injini, ka mabuleki, ka ma airbag, ka nyali ndi maloko, ndiponso ka mageji a pa dashibodi. Tonseti timalankhulana kudzera pa mawaya awiri opotana, mwa njira yotchedwa CAN imene kampani ya Bosch ya ku Germany inaonetsa koyamba mu 1986. Muvi wa liwiro suonanso gudumu. Umangomva uthenga wochokera ku bokosi la kakompyuta kena n'kuloza nambala imene wauzidwa.

Mmisiri amene ndikufuna kumuyamikira pano amagwira ntchito pa Mponela, m'mbali mwa msewu wa M1, pansi pa shedi ya malata. Ali ndi mita yoyezera magetsi, laputopu yothethekatheka pakona, kachitsulo kowotcherera ndi galasi lokuzira zinthu. Galimoto ikafika mageji onse atagona pansi, tinyali ta pa dashibodi tikuyaka mwachisawawa, iye safulumira kumasula chilichonse. Amayamba ndi mafunso. "Bwana, zinayamba liti? Munawoloka madzi? Alipo anakujampitsani batire? Nanga wailesiyi anakuikirani ndani?" Funso lomalizali ndi limene eni magalimoto amaliyankha akuyang'ana kumbali, chifukwa mavuto ambiri amayambira pamene wina anasenda waya wosamudziwa n'kulumikizapo wailesi kapena nyali zowonjezera.

Kenaka amayeza batire. Lathanzi limaonetsa ma volt 12.6 injini itazima, ndipo ikalira nambalayo imakwera kufika pafupi ndi 14. Amamasula waya wa earth pamene wamangidwa ku bodi, kupala dzimbiri, kumanganso. Timakompyuta tikalandira magetsi operewera timanena zabodza, ndipo munthu amene wakhulupirira bodzalo amagula bokosi latsopano pamene vuto linali dzimbiri pa bawuti imodzi.

Chimene chimandigometsa kwambiri ndi muyeso umene amatenga pambuyo pake. Pansi pa chiwongolero pali pulagi ya mabowo 16, ya OBD, imene dziko la America linalamula kuti izikhala m'galimoto zing'onozing'ono zatsopano kuyambira mu 1996, ndipo kenaka inafalikira kulikonse. Iye amachotsa waya wa batire, kudikira pang'ono kuti mabokosi onse agone, n'kuika nsonga za mita pa bowo la 6 ndi la 14. Kumapeto konse kuwiri kwa mawaya opotana aja kuli ka resistor ka ma ohm 120, ndipo tiwirito tikayezedwa pamodzi timapereka 60. Mita ikanena 60, msewu wa uthenga ndi wamphumphu. Ikanena 120, mbali imodzi yaduka kapena bokosi limene lili kumapeto kwake lachoka pa mzere. Ikatsikira pafupi ndi ziro, mawaya awiriwo akhudzana penapake, mwina pamene akhala akukhulana ndi chitsulo kuchokera ku Malomo mpaka ku Mvera. Asanamasule sikuluwu ndi imodzi yomwe, wadziwa kale mbali ya galimoto imene ayenera kuyang'ana. Nambala imodzi yamupulumutsa ku tsiku lonse losasula dashibodi, ndipo yapulumutsa mwini galimoto ku ndalama za mabelo angapo.

Makina a diagnosis amabwera pambuyo pa zonsezi. Anthu ambiri amaganiza kuti makinawo amatchula chitsulo choti ugule, koma satero. Akalemba U0155 akungonena kuti mabokosi ena sakumva mawu a bokosi la mageji. Chifukwa chake satchula. Mwina fyuzi yapsa, mwina pulagi yachita dzimbiri lobiriwira ndi madzi odontha pa galasi lakutsogolo, mwina khoswe amene anatsatira chimanga chotayikira pansi pa mpando wadya waya. Kusiyanitsa zimenezi ndi ntchito ya mutu wa munthu.

Akatsimikiza kuti vuto lili m'bokosi la mageji lenilenilo, amalitulutsa n'kuliika pa nsalu yoyera. Tizingwe ta pulasitiki togwira chivundikiro timakhala titauma ndi dzuwa, choncho amatitsegula ndi kapulasitiki kopyapyala, osati sikuludiraiva. Asanazule mivi amaika chizindikiro pamene uliwonse wagona, chifukwa muvi wobwezeredwa mopendekeka udzanamiza dalaivala za mafuta kwa moyo wonse wa galimotoyo. Ndiye amawerama ndi galasi lake pa mzere wa timiyendo ta pulagi pamene tawotchereredwa ku bolodi. Ming'alu imene mabampu amasiya pamenepo diso lokha silingaione: kamzere kozungulira mwendo, kamene kamatsekeka kukatentha n'kutseguka kukazizira. N'chifukwa chake galimoto ina imavuta m'mamawa wa nkhungu ku Ntchisi koma ikatsikira ku Mponela masana imakhala bwinobwino. Amatenthetsa mwendo uliwonse kwa kamphindi, kuthirapo mtovu watsopano pang'ono, kupita pa wotsatira. Mpweya amaugwira, chigongono chili pa tebulo. Mabokosi ambiri amadzuka pamenepa, osagula kanthu.

Ena sadzuka. Pamenepo ulendo umakhala wa ku Biwi ku Lilongwe, kukasaka bokosi lochotsedwa m'galimoto yangozi, kapena kuitanitsa ku Johannesburg. Amapita ndi chithunzi cha nambala yolembedwa kuseri kwa lakalelo, poti mabokosi ofanana nkhope amasiyana m'kati: la dizilo ndi la petulo, la giya yamanja ndi la otomatiki, la galimoto yokoka mawilo onse anayi ndi la yokoka awiri. Lochokera ku Britain limawerenga mamailosi, ndipo mailosi imodzi ndi makilomita 1.609.

Bokosi lachilendo likalowa m'galimoto lili ngati mkamwini amene wangofika pamudzi: nyumba waipeza, koma sadziwa kuti malume ndi ati, munda uli kuti, ndipo eni mudzi samuyankha mpaka ankhoswe atamuonetsa. Limabwera likukumbukira galimoto yake yakale, kukula kwa thanki yake, mtundu wa giya, makilomita amene inayenda. Unkhoswe umenewu ndiye pachimake pa luso la mmisiriyu, ndipo lamulo lake loyamba n'lakuti sasintha kanthu asanasunge zimene wapeza. Pa Ford amagwiritsa ntchito pulogalamu ya FORScan kukopera mizere ya manambala ndi zilembo, yotchedwa As-Built, imene imauza bokosi lililonse kuti galimotoyi inatuluka m'fakitale ili ndi zotani. Bokosi lakale likakhala kuti lafa osalankhulanso, mizereyo amaitenga pa intaneti pogwiritsa ntchito nambala ya chasisi, ya zilembo ndi manambala 17. Pa Toyota pulogalamu yake ndi Techstream. Pamene mapulogalamu alephera, amapita pa katchipi ka miyendo 8 kosunga chikumbumtima cha bokosilo, monga ka 93C66, n'kukapana ndi kachipaniro. Amakawerenga kawiri, nthawi zina katatu, n'kufananiza. Zikasiyana ngakhale pa nambala imodzi, ndiye kuti mwendo wina sunagwire bwino, ndipo amayambiranso. Zikafanana amasunga fayiloyo pa laputopu ndi pa foni, dzina lake likhale nambala ya galimoto ndi tsiku.

Nthawi yolemba m'bokosi ndi yoopsa kuposa zonse. Magetsi akatsika uthenga uli pakati, bokosi limatsala lopanda nzeru zakale ndi zatsopano zomwe, ndipo kawirikawiri silidzukanso. Kuno magetsi amatha kuzima osatsanzika, choncho iye sadalira soketi ya pakhoma. Laputopu imakhala yodzaza, batire lachiwiri lamphamvu limalumikizidwa ku la galimoto, nyali, fani ndi wailesi zonse zozimitsa. Mnyamata amene akuphunzira ntchito amaima pa chitseko. "Iwe, pasapezeke wotsegula chitseko kapena kugwira kiyi mpaka ndinene." Kamzere ka pa laputopu kakamayenda, pa shedipo nkhani zimaima.

Makiyi nawo ali ndi mwambo wawo. M'mutu mwa kiyi muli katchipi kamene kamayankha koyilo yozungulira pobayira kiyi, ndipo yankho likakhala lachilendo injini imakana kulira. Pa magalimoto ena chilolezo chimenechi chimadutsa m'bokosi la mageji, pa ena m'bokosi la nyali ndi maloko. Ford zambiri zimafuna makiyi awiri zikafufutidwa chikumbumtima, n'chifukwa chake mmisiriyu amafunsa za kiyi wachiwiri asanayambe, osati galimoto itagona kale. Amafunanso kuona bluebook. Munthu wobwera ndi galimoto yopanda kiyi ndi mapepala omwe amabwerera nayo pa chingwe chimene anaikokera.

Pali pempho lina limene limabwera motsitsa mawu. Dzanja limene lingalembe makilomita oona m'bokosi latsopano lingathenso kulemba abodza, ndipo wofuna kugulitsa galimoto amadziwa zimenezi. "Amisiri, tangochotsaniponi pang'ono, tigwirizana." Iye amayankha mwaulemu kuti, "Pepani bwana, ine ndimalemba zimene galimoto yayenda." Amajambula nambala ya bokosi lakale, kapena kuifufuza m'mabokosi ena ndi m'mapepala a sevisi, n'kulemba yomweyo. Ndimaona kuti apa mpamene pali ulemu wa ntchitoyi. Wodzagula pikapuyo ndi mlimi wa ku Nambuma kapena ku Kansonga amene wasunga ndalama za zaka zingapo, ndipo nambala imeneyo ndi imene idzamuuze nthawi yosintha lamba wa injini. Lamba akaduka pa chitunda, injini imapita nayo. Chimodzimodzinso tinyali tochenjeza. Alipo amene amamata tepi yakuda kuseri kwa kanyali ka airbag kapena ka injini kuti kasaonekenso. Iye akapeza tepi yotere amaimatula, n'kuuza mwini galimoto chimene kanyaliko kakhala kakufuna kunena.

Eni ena amabwera galimoto ili bwino, akufuna kuikweza: bokosi la mageji la mtundu wapamwamba lokhala ndi sikirini, mabatani a pa chiwongolero, kamera yobwerera m'mbuyo. Zimatheka ngati mawaya ndi masensa ake alipo, ndipo iye amayamba wawerenga mapu a mawaya kuti aone bowo lililonse la pulagi likupita kuti. Zikakhala zosatheka amanena poyera. Amene aika matayala akuluakulu kuti apirire matope amawakumbutsa kuti muvi wa liwiro tsopano ukuonetsa nambala yochepera liwiro lenileni, ndipo pamene bokosi limalola, amakonza muyesowo.

Pobwezeretsa, waya aliyense amene anamudula amamuwotcherera n'kumuveka kapaipi kofota ndi moto, osati kungopota ndi tepi. Mtolo wa mawaya amaumanga patali ndi m'mphepete mwa chitsulo. Ngati madzi ankalowera pa galasi, amatumiza mwini galimoto kukamatitsa, apo ayi dzinja likubwerali bokosi latsopanolo lidzafanso. Akatero amafufuta makodi onse n'kutuluka nayo galimoto pa msewu wopita ku Ntchisi, mnyamata atagwira foni yoonetsa liwiro la GPS kuti afananize ndi muvi. Amapatuka dala pa msewu wafumbi kuti mabampu ayese zimene wawotcherera, amakwera chitunda kuti aone geji ya kutentha, n'kubwerera kudzawerenganso makodi. Mwini galimoto amalandira makiyi ake onse awiri, bokosi lakale m'jumbo, ndi fayilo ija pa WhatsApp, kuti galimotoyo ikadzavutira ku Nkhotakota kapena ku Mzuzu, mmisiri wa kumeneko adzakhale ndi poyambira.