Makina Oyimba ndi Dzanja la Munthu

Kuyambira kale munthu akafuna nyimbo amasema ng'oma, kapena kumanga nsambo pa cipanda, kapena kungotsegula pakamwa pace. Koma m'zaka za m'ma 1960 munthu wina wa ku America, dzina lace Robert Moog, anapanga cipangizo cochedwa synthesizer, cimene cimatulutsa mau a nyimbo ndi mphamvu ya magetsi. Pambali pace anapanganso cina cochedwa sequencer, ndipo nkhani ino iri pa cimeneci.

Sequencer ya Moog iri ndi mizere itatu ya tizitsulo topotokola, mzere uliwonse tizitsulo 8. Woyimba amapotokola kacitsulo kalikonse kufikira atapeza liu limene afuna, lalikulu kapena laling'ono. Akatha kutero, makinawo amayimba mauwo limodzi limodzi, kuyambira loyamba kufikira lotsiriza, nabwereranso poyamba, osatopa ndi osapuma. Cifukwa ca ici anthu ena amanyoza nyimbo zotere. Iwo amati ziri ngati cigayo, cimene cimalira cimodzimodzi kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Kodi mau aowa ngoona? Kuti munthu aweruze bwino ayenera kuyamba wamva nchito ya amisiri eni ace.

Ena mwa amisiri oyamba kuchuka ndi makinawa ndiwo gulu lochedwa Tangerine Dream. Gululi analiyambitsa Edgar Froese m'caka ca 1967 ku West Berlin, mzinda wa ku Germany umene unali wozingidwa ndi linga kuyambira 1961 kufikira 1989. Kumapeto a caka ca 1973 Froese ndi anzace awiri, Christopher Franke ndi Peter Baumann, anapita ku England kukajambula nyimbo m'nyumba ina pafupi ndi Oxford. Mbale ya galamafoni imene anajambulayo inatuluka mu 1974, dzina lace Phaedra. Ngakhale munalibe woyimba ndi pakamwa, anthu a ku Britain anaigula kwambiri, kotero kuti inafika pa nambala 15 mwa mbale zogulidwa koposa.

Nyimbo yoyamba ya m'mbalemo imadzaza mbali yonse, ndipo imatha mphindi 17. Poyamba pamamveka phokoso longa la mphepo ndi madzi, lopanda mayendedwe. Kenaka pansi pa phokosolo pamatuluka timau towerengeka tobwerezabwereza, monga sitima ikamamveka kutali usiku. Apa mpamene pali luso. Makina akubwereza, koma dzanja la munthu liri pomwepo: lidumphitsa liu limodzi, likweza lina, licititsa mau osamveka bwino kuti awale pang'ono pang'ono. Womvera amayesa kuti akumva cinthu comweco, koma akadzidzimuka apeza kuti nyimbo yafika kwina. Ndiponso makina a masiku amenewo anali ndi cilema: akatentha, mau ace amasokonekera. Zimenezi zinacitika ca kumapeto a nyimboyo, ndipo amisiriwo sanazifafanize. Cilemaco ndico cimapatsa nyimboyo moyo, pakuti imamveka ngati cinthu cimene cathamanga nicitopa.

Akazi awiri akamasinja mumtondo umodzi, misi yao imagwa mosasintha, koma palibe amanena kuti nyimbo yao ya pamtondo njosakoma. Kugwa kwa misi ndiko maziko, ndipo nyimbo imamangidwa pamwamba pace. Momwemonso sequencer imangopereka maziko. Wonyoza uja wamva misi yokha.

Opanga kanema anazindikira msanga mphamvu ya nyimbo zotere. William Friedkin wa ku America anapempha gululi kuti limpangire nyimbo za kanema wace wochedwa Sorcerer, amene anatuluka mu 1977. Iwo anapanga nyimbozo atangowerenga nkhani yace, cithunzi asanacione. Nkhaniyo njya amuna anai amene anyamula onga wophulitsira miyala m'malole awiri akutha, kupyola m'nkhalango za ku South America, ulendo wa mailosi oposa 200. Ongayo ngwakale, ndipo ukagwedezeka pang'ono uphulika. Nkhani yotere ifuna nyimbo yosalola mtima kukhala pansi. Nyimbo wamba imayamba, nikwera, nitsika, nitha, ndipo womvera amapuma. Koma mau obwereza safika pamapeto. Amagunda ngati injini ya lole, kapena ngati mtima wa munthu wamantha, namuuza woonera kuti ngozi ikadali patsogolo. Kanemayo sanapindule ndalama pa nthawi yace, koma pambuyo pace anthu ambiri anamlemekeza, ndipo nyimbo zace ziri pakati pa zifukwa. Gululi linapanganso nyimbo za makanema ena, monga Thief wa 1981 ndi Risky Business wa 1983.

Komabe onyoza aja sanalakwe zonse. M'zaka za m'ma 1980 makina anacepa mtengo, nakhala osabvuta, ndipo anasiya kusokoneza mau. Lero kompyuta iriyonse ikhoza kucita nchito ya sequencer. Potero kwaculuka nyimbo zimene mwini wace anangochera makina nawasiya ayende okha. Zotere zimakoma mphindi imodzi, kenaka zimatopetsa, pakuti mulibe munthu m'kati mwace. Ngakhale mwa mbale zambirimbiri za Tangerine Dream zimene zinatsatira, ziripo zina zosalala kopambana, zopanda mantha aja ndi cidwi cija ca mu Phaedra. Froese anamwalira mu 2015, koma mbale zace za m'ma 1970 ndizo anthu amabwererako.

Tsono wofuna kuyesa nyimbo yotere acite motere: akhale pamalo pa zii, amvere kufikira kumapeto, nadzifunse ngati mau obwerezawo ali pamene anayambira kapena asuntha. Akapeza kuti asuntha iye osadziwa, pamenepo panali mmisiri. Akapeza kuti ali pomwepo, cimeneco ncigayo ndithu. Mayeso amenewa safuna munthu wa phuma, pakuti akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.