Buku la Mai Williamson ndi Mankhwala a Zironda

Buku lochedwa Useful Plants of Nyasaland, limene analemba Mai Jessie Williamson, linasindikizidwa ku Zomba m'caka ca 1955, ndipo linaturukanso mu 1975 ndi dzina lakuti Useful Plants of Malawi. Poyamba tiyenera kuliyamika. Mai ameneyu anasonkhanitsa maina a mitengo ndi zitsamba m'Cinyanja, m'Ciyao ndi m'Citumbuka, nawaika pamodzi ndi maina a Cilatini. Nchito yotere si yamasewera, pakuti citsamba cimodzi ena ati cisoso, ena ati kanzota, pamene conseco ndi Bidens pilosa. Codandaulitsa ndi cakuti bukuli ndi la m'Cingerezi, cotero agogo amene anapereka nzeruzo sakanatha kuliwerenga ndi kukonza polakwika.

Koma mau anga akuru ali pa mawerengedwe athu, makamaka pa za mankhwala. Wolemba anasunga zimene anaona ndi zimene anamuuza. Kuyesa mankhwalawo pa odwala sinali nchito yace. Tsono ife aphunzitsi, tikaona kanthu kosindikizidwa, timati mlandu watha, ngati kuti kulemba ndiko kuyesa. Liu lakuti "mankhwala" nalonso limatisokeretsa, popeza limafunditsa cociritsa, cithumwa ndi cakupha comwe. Utomoni wa nkhadze, umene umawaula khungu ndi kuononga maso, si mbale wace wa madzi a cisoso ai.

Sindikunyoza zitsamba. M'caka ca 1999 madokotala analemba kuti ku Banjul, m'dziko la Gambia, papaya wosinja anathandiza kuyeretsa zironda za moto za ana, cifukwa muli papain amene amasungunula mnofu wakufa. Komatu kumeneko kunali ku cipatala, kumene anamwino ankasintha nsaru tsiku ndi tsiku. Nanga cisoso cofinyidwa ndi manja a dothi? Tizirombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo madzi a tsamba sangatitsekere njira.

Inu mudzakhala nokha m'munda wa sukulu tsiku limene mwana adzadziteme ndi khasu, anzace nathamangira kukathyola masamba. Mtsukeni balalo ndi madzi oyera ndi sopo, mangani ndi nsaru yocapa, ndi kumtumiza ku cipatala kuti akaone za jekeseni wa kafumbata. Masambawo musataye: anawo awaumitse pakati pa mapepala, nakafunse kwao maina ace onse, kuti Lolemba adzawalembe m'makope.